Amene Anakwiyira Kalaki Anaiwala Kalulu

Mwezi watha ndinauza ana a Giredi 11 kuti alembe nthano yoseka munthu waudindo, aliyense amene angamusankhe. Mtsikana wina anakweza dzanja n'kufunsa kuti, "Aphunzitsi, sadzatimanga?" Palibe mnzake amene anaseka. Funso limeneli linandikumbutsa Roy Clarke, amene owerenga nyuzipepa ya The Post anali kumudziwa ndi dzina lakuti Kalaki.

Pa 1 January 2004, Clarke anatulutsa nkhani ya mutu wakuti Mfuwe. M'nkhaniyo anasandutsa akuluakulu a boma kukhala nyama za m'paki: Pulezidenti Levy Mwanawasa anakhala njovu yopusa, nduna zina zinakhala anyani. Pasanathe mlungu, nduna yoona za m'dziko, a Ronnie Shikapwasha, inalamula kuti acoke m'Zambia m'maola 24. Inde anabadwira ku Britain, koma anali atakhala kuno zaka pafupifupi 40, atakwatira mwana wa kuno, mayi Sara Longwe. Mu April caka comweco, woweruza Philip Musonda wa ku High Court anafafaniza lamulolo. Boma linacita apilo, ndipo mu January 2008 Supreme Court inagamula kuti kumuthamangitsa cinali cilango coposa mlandu. Zaka zinayi ndalama za anthu zikuthera m'khoti cifukwa ca njovu ya papepala!

Mpaka lero ndimamva anzanga, ena a madigiri, akunena kuti mzungu uja ananyoza mwambo wathu, cifukwa kuno wamkulu sasekedwa. Ndikukana. Ine ndinakulira ku Katete. M'nthano za agogo, Kalulu anali kupusitsa ndani? Njovu ndi Mkango, eni mphamvu. Ife ana tinali kuseka mpaka misozi, ndipo palibe amene anatitengera kwa amfumu. Pitani ku Mkaika pa Kulamba kumapeto kwa August. Gule Wamkulu amene amavinidwa pamaso pa Kalonga Gawa Undi ali ndi zilombo zodzudzula waciwerewere, wakuba ndi wodzikweza. Simoni wa nkhope yofiira uja anabwera kudzaseka mzungu pamene mzungu anali ndi mfuti. Amayi pamtondo amaimba zonyogodola mwamuna waulesi iye ali khale pakhonde. Mngoni ndi Mbemba amatukwanana pamaliro, anthu n'kumati ndi cimbuya. Nanga mwambo woletsa kuseka wamkulu unacokera mudzi uti?

Sindikuti Kalaki anali woyera. Mawu akuti "nyani" pakamwa pa mzungu ali ndi mbola, pakuti atsamunda anali kuchula makolo athu motero. Wokhala kuno zaka zonsezo anayenera kudziwa zimenezi. Amene anakwiya anali ndi cifukwa. Akanamuyankha m'nyuzipepa yomweyo, akanamuseka iyenso, akanaleka kugula The Post. Koma boma linathamangira lamulo la imigireshoni, ndipo phunziro linafika kwa tonse: mlendo angathamangitsidwe, nanga iwe nzika udzathawira kuti?

The Post inatsekedwa mu 2016. Mu December 2022 boma linacotsa gawo 69 la Penal Code, lija lomanga munthu cifukwa conyoza pulezidenti. Tinaomba m'manja. Kenako mu 2025 kunabwera malamulo atsopano a pa intaneti, amene maloya ndi atolankhani akudandaula nawo. Mwana wanga wa Giredi 11 sanawerengepo malamulo amenewa, koma mantha ake anawatola kunyumba, m'basi ndi pafoni.

Akuluakulu anati mutu ukakula sulewa nkhonya. Wofuna mpando adziwe kuti nthabwala ndiyo nkhonya yopepuka pa zonse zimene anthu okwiya angamuponyere. Olemba a Cinyanja, Kalaki analemba m'Cingelezi, cotero agogo a ku Sinda ndi ku Vubwi sanamuwerenge. Malo amenewo ndi athu, ndipo tikuwasiya opanda munthu.

Mtsikana uja analemba nthano yake. Ndi ya fisi amene anasankhidwa kukhala msungicuma wa mbuzi. Ndinamupatsa mamakisi apamwamba, koma iye anandipempha kuti ndisaiwerenge pamaso pa kalasi.