Ndani alipira mseu wopita pa khomo panu?

Mvula ikayamba mu Novembala, madandaulo a miseu amaculuka pa wailesi. Okhala m'madera monga Chalala mu Lusaka amafunsa cinthu cimodzi: timalipira msonkho wa nyumba ku khonsolo, nanga n'cifukwa ciani tiyenera kusonkhanso ndalama zogulira miyala ndi kulipira giredala?

Yankho liyambira pa lamulo la miseu la mu 2002, limene linakhazikitsa bungwe la Road Development Agency, RDA. Ndalama za msonkho wa mafuta a galimoto ndi za pa zipata zolipirirapo pa mseu zimasungidwa ndi bungwe la National Road Fund Agency, ndipo zambiri zimathera pa miseu ikulu-ikulu monga Great East Road. Kamseu ka pakati pa nyumba kamatsalira khonsolo.

Khonsolo nayo idalira eni malo. Pansi pa lamulo la Rating Act la mu 2018, mwini nyumba amalipira msonkho molingana ndi mtengo wa nyumba yace monga unalembedwera m'kaundula. Apa ndiye pali bvuto. Nyumba yatsopano imene sinalowe m'kaundula siipereka msonkho molingana ndi mtengo wace, koma magalimoto obweretsa simenti ndi mcenga pa pulotiyo amakumba mseu womwewo. Ndiponso msonkhowu suikidwa padera kuti ukhale wa mseu wokha. Umalowa m'thumba limodzi ndi malipiro a anchito ndi nchito zina za khonsolo. Ambiri amasokonezanso msonkhowu ndi lendi ya nthaka, imene imapita ku Unduna wa za Malo, osati ku khonsolo.

Mwini munda akadula malo ace kukhala mapuloti, n'kugulitsa popanda kulambula mseu kapena kukumba ngalande, phindu amatenga yekha, ndipo matope amatsalira ogula. Kwa ine, apa ndipo makhonsolo afooka kwambiri, pakuti ali ndi mphamvu pa mapulani a malo pansi pa lamulo la mu 2015.

Thumba la CDF linasintha zinthu pamene linakwera kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa konsticuwensi iliyonse mu 2022. Makhonsolo ambiri anagula makina okonzera miseu. Koma makina amafuna dizilo, ndipo ndalama zomwezo zikulimbiranidwa ndi masukulu, zipatala ndi zitsime.

Kusonkha kwa anthu okha kuli ndi msampha wace. Dera la olemera litha kuthira miyala msanga, pamene komboni ya osauka idikira. Ndipo mseu wokonzedwa popanda injiniya wa khonsolo kawiri-kawiri umasowa ngalande, kotero madzi amangothamangira m'nyumba ya mnansi wa kumunsi, amene mwina anasonkha nao.