Mayi wopwetekedwa ndi juga asasekedwe, athandizidwe

Kale juga inali ya amuna ochepa odziwika m'dera lonse, otchovera kuseri kwa msika kapena pansi pa mtengo. Lero yalowa m'nyumba kudzera pafoni. Ku Area 36 mumzinda wa Lilongwe, monganso ku Kawale, Biwi, Chinsapo ndi Mgona, munthu safunikanso kupita kushopu yobetchera. Ndalama ikakhala mu Airtel Money kapena mu TNM Mpamba, amatha kubetcha mpira kapena kusewera kandege ali chigonere, anzake m'nyumbamo osadziwa kanthu.

Nkhani ya juga ikamakambidwa, maso amakhala pa anyamata ndi abambo. Amayi amaiwalika, chonsecho akupwetekedwa pawiri. Alipo amene sanabetchepo n'kamodzi komwe, koma ndalama ya ndiwo, ya lendi ndi ya fizi imathera pafoni ya mwamuna kapena ya mwana wawo wamwamuna. Mpamba wa geni ya mandasi, tomato kapena kaunjika umabwerekedwa madzulo ndi lonjezo loti ubwezedwa mawa, mawalo osafika. Aliponso amayi amene amabetcha okha. Ambiri mwa iwo sanayambe chifukwa chokonda zosangalatsa ayi, koma pofuna kuchulukitsa kandalama kosakwanira, makamaka chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023 pamene katundu anakwera mtengo.

Vutoli si la Malawi yekha. Mu 2024 bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linati amayi oposa 5 mwa 100 alionse, komanso abambo pafupifupi 12 mwa 100 alionse, amapwetekedwa ndi juga mwanjira ina yake. Linatinso munthu mmodzi wobetcha mopyola muyeso amavulaza anthu ena pafupifupi 6 omuzungulira, ambiri mwa iwo osabetcha n'komwe. M'mabanja a kuno kwathu anthu 6 amenewa amadziwika bwino: ndi mkazi, ana, ndi agogo akumudzi amene amadikira ya feteleza.

Chomvetsa chisoni n'chakuti mayi wotere amasowa pouza. Mwamuna akaluza ndalama, anzake amaseka n'kumuuza kuti mwayi wake uli kutsogolo. Mayi akaluza, dera lonse limamutcha wosasamala, wosadziwa banja, wochititsa manyazi mpingo. Akakadandaula kwa ankhoswe za mwamuna wobetcha, kawirikawiri amangouzidwa kuti banja n'kupirira. Choncho amatseka pakamwa, amakongola kuti abise dzenje, ndipo ngongoleyo imabala inzake.

Anthu ayenera kudziwa kuti kulephera kusiya juga ndi matenda odziwika. Bungwe la WHO linaika vutoli m'buku lake la mndandanda wa matenda, m'gulu limodzi ndi zizolowezi zina zomanga munthu. Masewerowa anapangidwa mwadala kuti munthu aziwina pang'ono apa ndi apo, aziona ngati anatsala pang'ono kupata zambiri, n'kubwereranso kuti akabweze zomwe waluza. Ukamawerengera onse obetcha pamodzi, yopindula ndi kampani, apo ayi ikanatseka kalekale. Munthu wogwidwa mumsampha wotere sachira ndi chitonzo.

Malo oyamba kumene vutoli limaonekera ndi kubanki m'khonde. Amayi a ku Phwetekere kapena ku Area 23 amene amakumana sabata ndi sabata kuponya masheya amadziwana kuposa mmene mlangizi aliyense angawadziwire. Iwo ndiwo amayamba kuona kuti mnzawo amene ankabweza ngongole pa nthawi yake wayamba kuzemba misonkhano, geni yake yaima, foni yake siichoka m'manja, kapena akutenga ngongole yaikulu popanda katundu wooneka amene waoda.

Nthawi zambiri gulu limathamangira kukalanda katundu: mapoto, matilesi, wailesi, ngakhale malata. N'zomveka, chifukwa ndalamazo ndi thukuta la amayi ena osauka omwe akudikira kugawana mu December. Koma mayi wolandidwa ziwiya pamaso pa anthu amathawira kwa akatapila, ndipo chiwongoladzanja chikamuthina amabwereranso kujuga komweko poganiza kuti akawina kamodzi athana nazo zonse. Gululo limataya ndalama, n'kutayanso munthu.

Ilipo njira ina. Gulu lingathe kusankha amayi awiri osunga chinsinsi kuti akacheze ndi mnzawoyo paokha, asanamuimike pabwalo. Lingamuimitse kutenga ngongole yatsopano koma osamuchotsa m'gulu, n'kumugawira ngongole yakaleyo kuti azibweza pang'onopang'ono. Ngati mwini wake wavomera, mpamba wa geni ungaperekedwe ngati katundu m'malo mwa ndalama, thumba la makala kapena ufa wa mandasi, kuti pasakhale chomuyesa. Mutu umodzi susenza denga, ndipo mayi amene anzake amuima kumbuyo amabweza msanga kuposa amene wathawa dera ndi manyazi.

Mayi amene akufuna kusiya ayambe ndi kuuza munthu mmodzi wodalirika zoona zonse, kuphatikizapo kuchuluka kwa ngongole. Afufute masewerowo pafoni, asamagone ndi ndalama mu akaunti ya pafoni, ndipo kwa miyezi ingapo alole mchemwali kapena mnzake wapamtima kumusungira ndalama zikuluzikulu. Akagwanso tsiku lina asataye mtima, chifukwa ochira ambiri amapunthwa kangapo asanaime.

Mayi amene wobetcha ndi mwamuna wake asamuuze nambala yachinsinsi ya foni, asasainire ngongole m'malo mwake, ndipo asamubwezere ngongole za juga, chifukwa kutero n'kumutsegulira njira yobetcheranso. Lamulo loteteza anthu ku nkhanza za m'banja la mu 2006 limawerengera kumana banja chithandizo ndi kulanda mnzako ndalama ngati nkhanza. Mayi wolandidwa mpamba mokakamiza, kapena womenyedwa chifukwa wakana kupereka ndalama, ali ndi ufulu wokadandaula ku ofesi ya Victim Support Unit kupolisi. Ankhoswe, atsogoleri a mipingo ndi mizikiti komanso mafumu a m'makwalala ayenera kulidziwa lamuloli asanauze mayi kuti abwerere kunyumba akapirire.

Pamene maganizo afika polemera, tulo tasowa, kapena munthu wayamba kulankhula zodzipha, nkhaniyo yapyola pa m'khonde. Afunika kupita naye kuchipatala tsiku lomwelo. Mu Lilongwe muli chipatala cha St John of God ku Area 43 chomwe chimathandiza anthu ovutika maganizo ndi omangidwa ndi zizolowezi monga mowa ndi mankhwala ozunguza bongo. Koma kuchokera ku Area 36 kukafika kumeneko n'kudutsa mzinda wonse, ndipo mayi amene juga yamusiya opanda ya mchere ya minibasi aipeza kuti?

Apa ndi pamene boma liyenera kuchitapo kanthu. Lamulo la mu 2022 linaphatikiza mabungwe a Malawi Gaming Board ndi National Lotteries Board n'kukhazikitsa bungwe la Malawi Gaming and Lotteries Authority, lomwe limapereka ziphaso kwa makampani a juga ndi kutolera ndalama kwa iwo. Gawo lodziwika la ndalama zimenezi liyenera kupita kuntchito yophunzitsa aphungu m'zipatala zing'onozing'ono za m'madera, komanso atsogoleri a mabanki m'khonde, kuti azizindikira vutoli msanga ndi kudziwa kotumiza munthu. Mawu oti anthu azibetcha mosamala, onenedwa mothamanga kumapeto kwa malonda a pawailesi, sanabwezepo mpamba wa munthu.

Mayi akagwa m'nyumba za ku Area 36, ana amagona ndi njala ndipo sukulu imaima. Amene lero akuseka mnzawo wolandidwa mapoto akumbukire kuti foni yomwe yamugwetsa ilinso m'nyumba zawo, m'manja mwa amuna ndi ana awo. Gulu lililonse la banki m'khonde likakumana sabata ino, lisanatsegule bokosi, likambirane chomwe lidzachite tsiku limene mmodzi mwa iwo adzaulule kuti ndalama inapita kujuga.