KODI BOKOSI LATHU LA PAPHIRI TILITSEKERE OLIPIRA OKHA?

Ndithokoza Akonzi a magazini yathu ino pondipatsa malo oti ndinenepo maganizo anga pa nkhani imene yatigawanitsa ife a m'Kabungwe ka Jogalafe. Sabata yoyamba ya teremu ikudzayi tidzaponya voti, ndipo popeza pa msonkhano wathu wotsiriza anzanga a pakamwa pakuthwa sanandipatse mpata wotsiriza mau anga, ndati ndiwalembe pano kuti aphunzitsi ndi ophunzira onse aweruze okha.

Ambiri a inu mwamva kuti tiri ndi bokosi lobisika paphiri la kuseri kwa sukulu, ndipo ana ena a Fomu 1 amayesa kuti muli ndalama. Mulibe ndalama iai. Awa ndi masewera otchedwa geocaching. Munthu amatenga kabokosi kosalowa madzi, naikamo kabuku, pensulo ndi tinthu ting'onoting'ono, nakabisa pa malo okondweretsa. Akatero amalemba pa intaneti manambala a latitude ndi longitude a malowo, omwe aja timabvutika nawo pa mapu m'kalasi. Tsono ali yense amene ali ndi foni ya GPS amatsata manambalawo, napeza bokosilo, nalemba dzina lake ndi tsiku m'kabukumo, nalibwezera pomwe analipeza. Akafuna kutengamo kanthu, lamulo nlakuti asiyemo kena ka mtengo wofanana kapena woposa.

Masewerawa sali akale kwambiri. Kufikira chaka cha 2000 boma la America, limene ndilo mwini masetilaiti a GPS, linkasokoneza dala zizindikiro zopita kwa anthu wamba, kotero kuti makina ankatha kumphonyetsa munthu malo ndi mamita 100. Pa 2 May 2000, mwa lamulo la Pulezidenti Bill Clinton, kusokonezako kunaleka, ndipo kuphonya kunatsika kufika pa mamita ngati 10. M'mawa mwake, pa 3 May, bambo wina dzina lake Dave Ulmer anabisa ndowa yakuda kuthengo pafupi ndi Beavercreek, m'chigawo cha Oregon. M'ndowamo munali kabuku ndi pensulo, mabuku, makaseti a kanema, legeni ndi chitini cha nyemba. Analengeza manambala ake kwa ali yense wofuna, osapempha ngakhale khobiri. M'mwezi wa September chaka chomwecho Jeremy Irish anatsegula Geocaching.com ndi mabokosi 75, ndipo pofika 2017 mabokosiwo anali atapitirira mamiliyoni atatu pa dziko lonse lapansi.

Kampani imene iyang'anira masewerawa, ya Groundspeak ya ku Seattle, iri ndi mamembala a mitundu iwiri. Alipo olowa mwaulere, ndipo alipo olipira chaka ndi chaka. Mwini bokosi amene ali wolipira ali ndi mphamvu yonena kuti manambala a bokosi lake aziwaona olipira anzake okha. Mlandu wathu wagona pomwepa.

Bokosi lathu tinalibisa chaka chatha. Aphunzitsi athu a Jogalafe ndiwo analilembetsa, pakuti ndiwo ali ndi akaunti, ndipo amalipira ndi ndalama za m'thumba mwao. Malamulo ake si ochepa. Bokosi silikwiriridwa pansi, liyenera kutalikirana ndi linzake mamita 161 kapena kuposapo, ndipo mwini malo ayenera kubvomera. Za mamita 161 sizinatibvute, pakuti kuno kwathu mabokosi otere ndi osowa. Za chilolezo tinapita kwa a Nyakwawa a mudzi wa patsinde pa phirilo, ndipo iwo ataseka kwambiri anatiloleza. Tinasankha mpata wa pakati pa miyala iwiri, pansi pa mkuyu, pamene munthu akaima amaona dambo lonse ndi madenga a sukulu yathu. Bokosilo linali la pulasitiki, lija lotengeramo chakudya, la chibvundikiro chokoma ndithu. Munali mikanda, kachiboliboli ka njobvu ndi kabuku ka chikuto cholimba.

Pa miyezi isanu ndi iwiri m'kabukumo munalowa maina asanu ndi anai. Mudzati ndi ochepa, koma ife dzina liri lonse tinkaliwerenga ngati kalata yochokera kwathu. Awiri anali mwamuna ndi mkazi a ku Germany amene anali pa ulendo wa kunyanja. Wina anali namwino wa ku Scotland. Koma dzina limene ine ndimalikumbukira ndi la mtsikana wa pa sukulu yoyendera ya kutsidya kwa mtsinje, amene analemba m'Chichewa kuti anabwereka foni ya amalume ake, ndi kuti anakulira m'tsinde mwa phirilo koma anali asanakwereko ndi kale lomwe.

Kenaka tsoka linatigwera kawiri. Poyamba tinapeza bokosi liri chitsegukire, mikanda ndi njobvu zitapita, kabuku katanyowa ndi mvula kotero kuti maina ena sanawerengekenso. Tinagula kabuku kena. Patapita masabata atatu bokosi lomwe linasowa. Ndikunena zoona, tsiku limenelo ndinatsika phiri mtima uli kuwawa, ndipo munthu akadandiuza pomwepo kuti titsekere dziko lonse kunja ndikadabvomera.

Pa msonkhano wotsatira a Tcheyamani athu anabweretsa maganizo akuti tigule bokosi lina, koma tsopano likhale la olipira okha. Zifukwa zao ndizinena monga anazinenera, pakuti si za chibwana. Anati munthu amene wataya ndalama yake pa masewera amawalemekeza, amadziwa malamulo, ndipo sasiya bokosi chitsegukire. Koma wolowa mwaulere amayesa tsiku limodzi, naononga, osabweranso. Anatinso kampani ija iri ndi antchito ndi makompyuta ofuna ndalama, ndipo pakapanda olipira masewera onse adzafa. Potsiriza anati ndalama za kabungwe zimachokera m'ndiwo za m'dimba lathu zimene timathirira ndi manja athu, tsono si bwino kumazitaya. Ambiri anaomba m'manja.

Koma ine ndifunsa funso limodzi. Kodi anatenga bokosi lathu ndani? Yankho tikulidziwa tonse. Anzathu awiri analiona liri m'manja mwa kamnyamata koweta mbuzi, kataikamo ngumbi. Kamnyamata kameneka kalibe foni, sikadziwa intaneti, ndipo mau akuti latitude sikanawamvepo chibadwire. Sikanatsate manambala. Kanatsata ife. Tinkakwera phirilo ophunzira makumi awiri pa mzere, titabvala malaya oyera, tikuimba ndi kufuula, ndipo tikafika pa mkuyu tonse tinkaunjikana pa mwala umodzi ngati nyerere pa chisonga cha nzimbe. Ndi mwana uti wa maso awiri amene sakadapita kukasuzumira titachoka? Osewera a maiko ena anthu otere, osadziwa za masewerawa, amawatcha ma-muggle, dzina lochokera m'mabuku a Harry Potter olembedwa ndi J. K. Rowling. Kubisa manambala pa intaneti sikuletsa muggle ngakhale m'modzi. Kuli ngati munthu amene nkhuku zake zikugwidwa ndi kabawi, iye nkupita kukagula loko wa pa chitseko cha khola.

Tsono ngati mankhwalawa sachiza nthendayo, tione amene adzapwetekedwa nao. Mtengo wa umembala ndi madola oposa 30 pa chaka, ndiwo makwacha zikwizikwi, ndipo polipira pafunika khadi la kubanki lotha kugulira zinthu kunja kwa dziko. M'kabungwe kathu tiripo makumi awiri ndi atatu. Wolipira palibe ndi m'modzi yemwe, ngakhale a Tcheyamani amene. Tikabvomera maganizo ao, ndiye kuti ife eni ake amene tinabisa bokosilo sitidzatha kuona manambala ake popanda kukagogoda kwa aphunzitsi. Alendo a ku Germany aja mwina adzaliona, pakuti kwa munthu wokwera ndege madola amenewo si kanthu. Koma mtsikana uja wa kutsidya sadzaliona konse. M'maiko olemera kutsekera olipira okha kumalekanitsa wakhama ndi wongoyesa. Kuno kwathu kudzalekanitsa mlendo ndi mwini dziko, mlendo nalowa, mwini dziko natsala panja.

Ndiponso musaiwale kuti wolowa mwaulere ndi womangidwa kale. Bokosi liri lonse limapatsidwa nyenyezi kuyambira imodzi kufikira zisanu, za kubvuta kwa kabisidwe ndi za kubvuta kwa njira, ndipo pulogalamu ya pafoni imaonetsa osalipira mabokosi osapitirira nyenyezi ziwiri. Lathu linali la nyenyezi ziwiri, nchifukwa chake mtsikana uja analipeza. Khomo nlopapatiza kale, nanga ife tilipanikizenso bwanji?

Palinso nkhani ya a Nyakwawa, imene pa msonkhano uja palibe anaikumbukira. Pamene tinapita kukapempha malo, iwo anatifunsa kuti, "Kodi chinthu chimenechi nchayani?" Ife tinayankha ndi pakamwa pamodzi kuti ncha ali yense wofuna kukwera phiri. Sanatilipiritse kanthu. Phirilo si la sukulu, ndi la mudzi, ndipo makolo ao a anthu a m'mudzimo anagona m'tsinde mwake. Ine sindidziwa amene adzalimba mtima kubwerera kwa iwo kukanena kuti, Gogo, bokosi lija liri pa malo anu, koma adzukulu anu sangalione pokhapokha atatumiza ndalama ku Seattle. Ngati voti idzapita uko, a Tcheyamani akanene okha, ine sindidzawaperekeza.

Za kampani ndibvomera kuti iyenera kupeza ndalama, ndipo sindiitcha yakuba iai. Wolipira amalandira zabwino zina zambiri, monga kusunga mapu ndi mindandanda ya mabokosi m'foni kuti aziziona kumene kulibe netiweki. Zimenezo ndi za kampani, igulitse monga ifunira. Koma bokosi la paphiri silinagulidwe ndi kampani, ndipo sindikhulupirira kuti kampani ya mabokosi mamiliyoni idzagwa chifukwa cha kamodzi kathuka. Ndibvomeranso kuti pali malo pamene kutsekera kuli kwanzeru. Munthu amene wakhala miyezi akupala bokosi la matabwa la maloko ndi zinsinsi, nalibisa mu mzinda waukulu ngati London kumene osewera atsopano amadutsa tsiku ndi tsiku, ameneyo sindingamdzudzule. Adani a bokosi lake ndi anthu a mafoni. Adani a lathu ndi abusa a mbuzi, ndipo kunena zoona si adani konse.

Masewera ofanana ndi awa analipo ku England kale kusanakhale masetilaiti. M'chaka cha 1854 James Perrott, amene ankaperekeza alendo m'chipululu cha Dartmoor, anaika botolo pa malo otchedwa Cranmere Pool kuti ofikako azisiyamo makadi a maina ao. Malowo ndi a lowe, ndipo kufikako kunali kuyenda mtunda wautali m'matope. Osafuna kubvutika ankatsala okha, popanda wowaletsa. Phiri lathu lingatichitire ntchito yomweyo. Waulesi ndi wachipongwe sakwera phiri dzuwa liri pamutu kuti akangonyowetsa kabuku.

Akulu anati walira mvula walira matope. Pamene tinasiya chinthu kuthengo nkuitana anthu osawadziwa kuti akachipeze, tinabvomera kale kuti tsiku lina chidzasowa. Cholakwa chathu chinali kuika paphiri bokosi lokoma loti mayi ali yense angalikhumbire, ndi kulionetsa kwa mudzi wonse ndi maulendo athu a chikwati.

Chimene ine ndidzapempha pa tsiku la voti ndi ichi. Bokosi likhale lotseguka kwa onse kufikira chaka cha sukulu chitatha. Tilisunthire pa mwala wina, patali ndi njira ya mbuzi, ndipo aphunzitsi akonze manambala. Tizipitako awiriawiri, osabvala yunifolomu. Kabuku tizikajambula ndi foni mwezi ndi mwezi, pakuti chimene chinatiwawa kwenikweni sichinali mikanda koma maina. Ndiponso tipite kwa a Nyakwawa, atiitanire anyamata oweta aja, tiwaonetse bokosilo ndi manja athu ndi kuwalembetsa maina ao pa tsamba loyamba. Mwana amene dzina lake liri m'buku sataya bukulo pa mvula, ndipo iwo ali paphiripo masiku onse pamene ife tiri m'kalasi. Kamnyamata ka ngumbi kaja tikasiyire bokosi lakalelo. Kalipezera ntchito yabwino. Zonsezi zikalephera, bokosi nkusowanso kachitatu, ine ndemwe ndidzaimirira kuthandiza maganizo a a Tcheyamani, ndipo mau awa Akonzi awasunge.

Za ndalama za ndiwo musade nkhawa. Sitidzagula bokosi lina. Botolo la chiponde la pulasitiki limatseka bwino, silirowa madzi, ndipo palibe angalisirire. Langa ndalitsuka kale, liri m'sutikesi pansi pa bedi langa ku hositelo.