Agogo Oiŵala ndi Manyazi Athu

Kodi manyazi angayezedwe monga chimanga pa sikelo? Bungwe la Alzheimer's Disease International linayesa kutero m'chaka cha 2019. Linafunsa anthu pafupifupi 70,000 m'maiko 155 za matenda a kuiŵala, amene madokotala amaŵatcha dementia. Anthu aŵiri mwa atatu alionse anati kumeneku ndi kukalamba chabe, si matenda ai. Pofunsanso mu 2024, oganiza chotero anakwera kufika 80 mwa 100. Koma chiŵerengero chondikhudza mtima ine ndi ichi: mwa osamalira odwala, 35 mwa 100 anavomera mu 2019 kuti anabisapo matenda a mbale wao.

Amabisiranji? Kuno kwathu yankho silisoŵa. Nkhalamba imene ubongo wake ukuonongeka imaiŵala maina a zidzukulu zake, imatuluka usiku, nisochera, nipezeka mbandakucha ili chilili pakhomo pa eni, mwina yopanda ndi chovala chomwe. Mudzi suchedwa kugamula: "Ndi mfiti iyi, yagwa m'lichero." Lamulo la 1911 linaletsa kunenera munthu ufiti, koma lilime la pamudzi silifunsa lamulo. Choncho banja limaŵatsekera agogo m'nyumba, osauza mnansi, osapita nao kuchipatala, ndipo mwana wamkazi amene akuŵasambitsa ndi kuŵadyetsa amatopa yekha osadandaulira munthu. Mabanja otere, opanda intaneti, ambiri a iwo mafunso aja sanaŵafikire.