Wamva M'mimba Ndiye Atsekula Chitseko

Nkhani ya lero yachokera pakhomo panga pomwe, ndipo pena pake inenso sindituluka woyera ayi.

Pa tchuthi chapitachi mdzukulu wanga wamkazi, wa Fomu 3, anabwera kwathu kuno chakufupi ndi Ntaja atanyamula buku la Chingerezi limene anabwereka kwa mnzake wa ku Balaka. Bukulo linali lothaitha, chikuto chomatamata ndi selotepi, umboni woti ladutsa m'manja ambiri. Mwana uja linamulowa m'mutu. Kumtuma kumjigo, abwera dzuwa litapendeka. Kumusiyira nyemba pamoto, zipserera iye ali pompo, maso ali papepala. Tsiku lina amjomba ake, mwana wanga wachisamba, analanda bukulo nayang'ana pachikuto. Chingerezi chawo n'cha pamsika, koma liwu limodzi analigwira bwino lomwe, lija lotanthauza mfiti. Dzina la bukulo ndi Akata Witch. Anati zoterezi sizigona m'nyumba ya anthu opemphera, ndipo analunjika nalo kukhitchini kumene mbaula inali ikuyaka.

Ndisakunamizeni, nanenso mtima unandigunda nditamva dzinalo, ndipo mawu oyamba kufika pamlomo panga anali owavomereza. Chinandibweza ndi chizolowezi cha uphunzitsi, ntchito imene ndinaigwira mpaka imvi, yoti suchonga yankho usanaliwerenge. Ndinawafunsa ngati analitsegulako. Anati ayi, koma anamva kwa mnzawo, amene nayenso anamva kwa wina, kuti mabuku a mtunduwu amaphunzitsa ana kutamba. Makolo athu anati kandimverere anakanena za m'maluwa. Ngakhale mlandu wa mbuzi yodya chimanga amfumu saugamula asanapite kukaona mundawo. Ndinapempha kuti moto udikire, ndipo ndinatenga magalasi anga ndi nyali ya sola n'kukhala nalo bukulo madzulo asanu ndi anayi.

Analemba ndi mayi Nnedi Okorafor, wobadwira ku America mu 1974 kwa makolo a mtundu wa Igbo ochokera ku Nigeria, ndipo linatuluka mu 2011. Nkhani yake ndi ya Sunny, mtsikana wa zaka 12, wachialubino, amene anabadwira ku America koma akukulira ku Nigeria. Anzake amamutonza kuti akata, liwu lonyoza munthu wakuda wobadwira kunja. Amakonda mpira wamiyendo koma dzuwa limamuletsa. Kenako atulukira kuti ndi mmodzi wa anthu obisika okhala ndi mphamvu zodabwitsa, ndipo iye ndi anzake atatu alowa m'manja mwa aphunzitsi. Chimene chinandiseketsa ine mphunzitsi wopuma n'chakuti ndalama za anthu amenewa sizichokera pa geni. Ndi tizitsulo timene timagwa pamapazi a munthu akaphunzira chinthu chatsopano, ndipo ta mkuwa timaposa ta golide. Olemekezeka pakati pawo ndi osunga mabuku. Mdani wawo ndi bambo wakuba ana, wowadula ziwalo ndi kuwapha pofuna mphamvu. Nditafika pamenepo ndinavula magalasi. Bambo ameneyo, abale, si mlendo kwa ife. Wayendapo m'midzi yathu ino.

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndinauza mdzukulu wanga kuti aitane anzake amene analiwerenga, ndimve maganizo awo. Anabwera asanu ndi mmodzi, awiri anachita kukwera minibasi kuchokera ku Balaka kudzera pa Liwonde. Tinakhala patsinde pa mango, amjomba aja ali chapatali, akunamizira kukonza njinga koma khutu lili kuno.

Mnyamata wina anati iye anakonda pamene Sunny analowa m'bwalo la mpira pakati pa anyamata nawathyola miyendo ndi chenga, basi. Zina zonse anangodutsa. Wina anadandaula kuti nkhani imayenda pang'onopang'ono ngati ngolo, kenako nkhondo yomaliza n'kutha ngati mvula ya chizimalupsa. Pamenepo ndinagwirizana naye, mathero ake ndi othamanga ndithu. Mtsikana wina, wa kwaya, anati analimaliza koma mtima sunakhazikike. Kwa iye zamatsenga ndi zamatsenga, ngakhale uzithire shuga, ndipo sangalipereke kwa mng'ono wake wa Sitandade 5. Anzake anafuna kumuseka, ine ndinawaletsa. Mwanayo anawerenga, anaganiza, ndipo anaika malire ake. Ameneyo ndi wowerenga weniweni, wosiyana kutalitali ndi wotentha buku asanalitsegule.

Koma mawu amene anandigoneka mochedwa anachokera kwa mwini bukulo, mtsikana wa ku Balaka uja. Iye ndi wachialubino. Anakhala pamene mthunzi unali wochindikala, chipewa chachikulu kumutu, malaya a manja aatali ngakhale kunali kotentha. Anati analiwerenga katatu, buku lili pafupi ndi mphuno chifukwa maso ake saona patali. Kuyambira ali mwana, munthu wooneka ngati iye ankamumva pa wailesi pokhapokha akamalengeza maliro kapena mlandu. M'buku ili, kwa nthawi yoyamba, anapeza wa khungu ngati lake ali patsogolo, akukangana ndi alongo ake, akulakwitsa, akukalipiridwa, akupulumutsa ena. Chimenecho anati sadzachiiwala.

Kenako anatsitsa mawu. Anati zinthu ziwiri zinamubaya. Choyamba, m'nkhanimo Sunny atangolowa m'gulu lija, dzuwa limaleka kumuwotcha, n'kutaya ambulera. Iye anati lake dzuwa silidzaleka. Mawa adzadzolabe mafuta oteteza khungu, ndipo akatha kuchipatala adzakhala m'nyumba kuopa zilonda zimene zimasanduka khansa. Chachiwiri, ndipo ichi ndiye chachikulu, bukuli limalumikiza khungu la Sunny ndi mphamvu zake zobisika. Anati ku America wowerenga angaone ngati ndi ulemu. Kuno, mawu oti thupi lake lili ndi mphamvu ndi amene amachititsa amayi ake kudzuka pakati pa usiku kukaona ngati chitseko n'chokhoma.

Tonse tinangoti zii. Ngakhale sipanala ya amjomba inaleka kulira. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ine ndinawerenga masamba omwewo madzulo asanu ndi anayi, ndi uphunzitsi wanga wonse, koma mungawo sindinauone, chifukwa sunali kubaya phazi langa.

Tsono tinene chatsitsa dzaye kuti njovu ithyoke mnyanga. Ife a ku Machinga sitifunika kuuzidwa za MacDonald Masambuka, mnyamata wachialubino wa m'boma lathu lino, amene anasowa mu Malichi 2018 napezeka ataphedwa. Mu 2022 khoti lalikulu linapeza anthu 12 olakwa pa mlanduwo. Pakati pawo panali mbale wake weniweni, panali wansembe, wapolisi ndi wachipatala. Ndikufunseni, ndi buku liti la nthano limene linawatuma? Analibe buku. Anali ndi bodza lonong'onezana, loti m'mafupa a munthu muli chuma, bodza limene limayenda pakamwa pa akuluakulu a ndevu zawo, m'mashabini ndi kuseri kwa nyumba, ndipo silinena kuti ndine nthano. Limabwera litavala nkhope ya choonadi.

Kusiyana kwake n'kumeneko. Agogo athu akamayamba nthano ankati padangokhala, ife n'kuvomera kuti tili tonse. Mawu amenewo anali mpanda. Mkati mwa mpandawo Kalulu amalankhula, fisi amavala jekete kukafunsira mbeta, mwana amatuluka m'mimba mwa chilombo ali wamoyo. Nthano ikatha tinkapita kukagona, ndipo m'mawa palibe amene ankapita kutchire kukafunsa nzeru kwa kalulu. Mwana amene wakulira m'nthano amadziwa pamene mpanda uli. Buku la mdzukulu wanga lili ndi mpanda wotero, chikuto chake. Koma mphekesera za anamapopa zimene zinaphetsa anthu ku Mulanje, ku Phalombe ndi madera ena mu 2017 zinalibe mpanda. Agogo anayi amene anaphedwa ku Neno mu Januwale 2016, atawanamizira ufiti mphezi itapha mtsikana, sanaphedwe ndi owerenga mabuku.

Sindikunyoza mantha a amjomba aja. Galu wamkota sakandira pachabe. Munthu amene waona zimene taona m'zaka zimenezi ali ndi chifukwa chodzidzimukira akaona liwu loti mfiti m'manja mwa mwana wa mlongo wake. Inu achinyamata, musamati tsobola wakale sawawa mukaona mkulu akunjenjemera ndi buku lanu. Khalani naye pansi, mumufotokozere nkhaniyo m'chiyankhulo chake, pakuti Chingerezi chimene muli nachocho anakulipirirani ndi iyeyo pogulitsa nandolo ndi mpunga wa ku Chilwa. Koma inunso makolo, mantha akakhala opanda maso ndi omwewo amene amatola miyala. Lero titentha buku chifukwa tamva kuti ndi la ufiti, mawa tigenda nkhalamba chifukwa tamvanso chimodzimodzi. Njira yake ndi imodzi, kumva osafufuza.

Ndipo tisayese ngati nkhani zodabwitsa n'zachilendo m'mabuku athu. Malemu Steve Chimombo, amene anaphunzitsa zaka zambiri ku Chancellor College ku Zomba, anatenga Napolo, chinjoka chija chimene makolo amati chikamasamuka kuphiri chimagumula nthaka, namusandutsa msana wa zolemba zake. Napolo yemweyo anthu anamutchula madzi atasesa Zomba mu 1946, ku Phalombe mu 1991, ndiponso namondwe wa Freddy atatikantha mu Malichi 2023. Shadreck Chikoti analemba Azotus the Kingdom, nkhani ya Africa wa zaka mazana asanu zikubwerazo, ndipo inapata mphoto ya Peer Gynt mu 2013. Vuto lathu si kuchuluka kwa mabuku otere. Vuto ndi lakuti buku limodzi lothaitha likuzungulira ana asanu ndi awiri a maboma awiri. Pa Balaka pomwepa pali makina osindikizira a Montfort amene atulutsa mabuku ndi magazini kwa zaka zambiri, koma mwana wa ku Nayuchi, ku Nsanama kapena ku Utale, akamaliza mabuku a mayeso, chowerenga china n'chiyani? Mwana wopanda chowerenga sakhala wopanda nthano. Amangomwa zimene zikuyenda pa WhatsApp, zopanda mpanda zija.

Nanga bukulo ndiligamula bwanji? Ndi labwino, lili ndi chilema. Limaphunzitsa kuti nzeru iposa golide ndi kuti wodula ana ziwalo ndi mdani wa onse, ndipo pamenepo ndiliwombera m'manja. Koma pamene likuti khungu la mwana wachialubino n'khomo la mphamvu, ife a kuno tiyenera kuima, n'kuuza mwana momveka kuti apa wolemba wapeka, ndipo chopekachi kwathu kuno chinakwirira anthu. Chialubino chimabadwa m'magazi a bambo ndi mayi onse awiri, ndipo chimangotanthauza kuti thupi silipanga mokwanira chimene chimadetsa khungu, tsitsi ndi maso. Mulibe chuma, mulibe tsoka, mulibe mankhwala. Kalembera wa 2018 anapeza anthu achialubino opitirira 134,000 m'dziko muno, alimi, aphunzitsi, ana a sukulu. Mu 2021 anthu a ku Nkhotakota anasankha Overstone Kondowe kukhala phungu, woyamba wachialubino kulowa m'Nyumba ya Malamulo, ndipo analowamo ndi mavoti, osati matsenga. Mawu oterewa mwana sangawamve kwa kholo limene linaponya buku pambaula. Angawamve kwa kholo limene linakhala naye pamphasa mpaka tsamba lomaliza.

Tisanabalalike tsiku lija ndinamufunsa mtsikana wa ku Balaka uja kuti, akanakhala wolemba ndi iye, akanasintha chiyani. Anati Sunny wake akanakhala wa pa Ulongwe, akanavalabe chipewa ndi kudzola mafuta mpaka kumapeto, ndipo mphamvu zake zikanachokera kwina, osati pakhungu. Ndinamuuza kuti mlendo amabwera ndi kalumo kakuthwa, koma wometa ndi mwini mutu. Tsiku la msika ndinamugulira makope awiri a mizere ikuluikulu ndi bolopeni yakuda, yoti maso ake asavutike.

Bukulo silinapse. Linagona kwathu sabata ina, chifukwa amjomba aja anapempha mdzukulu wanga kuti madzulo aziwamasulira pang'onopang'ono pakhonde, ati angofuna kudziwa ngati wakuba ana uja anagwidwa. Kope loyamba la mtsikana uja ndamva kuti latsala masamba ochepa kudzaza. Inu amene mumakhala naye pafupi ku Balaka, mukamuona wawerama pamthunzi akulemba, musamutume kumsika dzuwa lili pamutu.