Chiliza cha mng'ono wanga

Zokolola zikangolowa m'nyumba, magulu a WhatsApp a mabanja amadzadza ndi nkhani za ziliza. Kwathu chaka chino inali nthawi ya mng'ono wanga, amene anatisiya zaka zitatu zapitazo. Amalume anali atalemba kale zofunika: mwala wonyezimira, tenti, mbuzi ziwiri, chitenje chofanana ndi malaya osindikiza nkhope yake. Nditaona mtengo wa zonsezo pamodzi, mtima unandiwawa. Mwanayu ali moyo, ndalama zochuluka chonchi sitinamusonkherepo n'kamodzi komwe.

Iye anadwala malungo a mu ubongo ali ndi zaka zinayi. Anatsitsimuka patapita masiku, koma miyendo sinagwirenso ntchito, ndipo khunyu inatsalira. Mayi ankamubereka kuchokera ku Bangwe kupita ku mafizo ku chipatala cha Queens mpaka atakula moti miyendo yake inkawafika m'mawondo. Ife abale tinkabwera pa Khirisimasi ndi shuga, n'kubwerera.

Amene anasenza nawo mtolowu anali anthu ena. Anali amayi a ana a ulumali amene ankakumana Lachinayi lililonse pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa tchalitchi. Ndiwo anaphunzitsa mayi kamwetsedwe ka phala koti mwana asatsamwe. Ndiwo anamupangira mpando wa makatoni omata, woti azikhala tsonga n'kumaona anthu akudutsa, osangogona pamphasa kuyang'ana denga. Mayi akafuna kupita kumaliro kapena kuchigayo, mmodzi wa iwo ankabwera kudzakhala naye. Ndipo anthu atayamba kunong'ona kuti bambo anakhwimira mwana kuti geni iyende, amayi omwewa ndiwo anawapukuta misozi mayi, chifukwa aliyense wa iwo mawu amenewo anali atawamvapo.

Tsono ndinapempha banja kuti chiliza chikhale cha simenti wamba, ndalama zotsala tipereke ku gulu la amayi aja, tiwonjezerenso zina poyenda ndawala m'dzina lake. Amalume sanakondwe. "Mphwanga, anthu akaona manda otero adzati tinamutaya," anatero. Sindinawaone olakwa. Chiliza ndi ulemu, ndipo kwa munthu amene ena ankamuyesa wosakwanira, mwala wokongola ukanalankhula mokweza. Nkhaniyi anaidula ndi mayi, amene sakonda kulankhula pagulu. Anati: "Achimwene, mwana wanga ankadziwa mayina a amayi aja onse. A ife ena ankachita kufunsa."

Tinayenda Loweruka m'mawa kuchokera ku Limbe kutsata msewu wa Chipembere mpaka pa Ginnery Corner, mbale zili m'manja. Amayi aja anabwera ndi ana awo, ena kumsana, ena pa njinga. Kondakitala wina wa minibasi anaponya K500 osafunsa n'komwe. Abale a ku Joni anatumiza zawo pafoni. Amalume nawo anayenda, ndipo ndiwo ankaimitsa magalimoto molimba mtima kuposa tonsefe.

Sitinauze gululi chochita nazo ndalamazo. Ine m'mutu mwanga munali njinga zatsopano zoti tijambulitse nazo, koma iwo anasankha zina: kukonzetsa njinga zakale zimene matayala anatha, kugula matewera a ana akuluakulu, ndi kusunga thumba la ndalama zoyendera, chifukwa mwana amaphonya mafizo kapena mankhwala a khunyu mayi ake akasowa ya minibasi. Zimenezi ine sindikanaziganiza.

Kalembera wa 2018 anapeza kuti mwa anthu a zaka 5 kupita m'tsogolo, oposa 10 pa 100 alionse m'Malawi muno ali ndi ulumali. Lamulo tili nalo, la 2024 limene linalowa m'malo mwa la 2012, mabungwe monga FEDOMA ndi PODCAM akulankhula. Koma lamulo silimugwirira mayi mwana kuti akasambe. Imeneyo ikadali ntchito ya timagulu ta pansi pa mitengo, timene ambiri a ife timatidutsa popita kukagula mbuzi ya pa mwambo wa chiliza.

Chilizacho tinavundukula mwezi watha, chaching'ono, dzina lake lolembedwa ndi penti yakuda. Amayi a gulu lija anabwera asanu ndi mmodzi, anaimba nyimbo imene ankaikonda. Mayi, amene anasiya kupita pansi pa mango paja chimwalirireni mwana wawo, ayambiranso. Lachinayi lapitali anandiimbira foni kuti ndiwasungire makatoni olimba ku ntchito, kwabwera mwana watsopano amene sanayambe kukhala tsonga.