Jin Sakai asaoneke ngati wa pa chiphaso

Ambiri amene amasewera Ghost of Tsushima, gemu yomwe kampani ya Sucker Punch inatulutsa mu 2020, amamujambula Jin Sakai, msilikali yemwe amamuyendetsa mu gemuyi, ali chiimire pakati penipeni pa sikirini, dzuwa lili paliwombo, ndiye chithunzicho chimatuluka ngati cha pa chiphaso. Vuto si gemuyo ayi, chifukwa ili ndi Photo Mode imene imaimitsa nkhondo yonse n'kukupatsani kamera m'manja, koma anthu amangodina batani mwachangu n'kupitiriza. Yambani ndi lenzi. Mukaisiya pa 24mm n'kuyandikira kunkhope, mphuno imatupa ndipo makutu amathawira kumbuyo. Ikani cha m'ma 85mm, mubwerere m'mbuyo pang'ono, nkhope ioneka mwachibadwa. Kenako tsitsani nambala ya f kuti udzu ndi mitengo yakumbuyo zichite chimbuuzi, koma maso ndiwo azioneka bwino kwambiri, osati phewa kapena chigwiriro cha lupanga. Nthawi isuntheni ifike chakumadzulo. Kuwala kukachokera m'mbali, theka la nkhope limalowa mumthunzi, ndipo zingwe ndi timizere ta pa chovala chake chankhondo zimaonekera chimodzichimodzi. Masamba ouluka a mu Photo Mode ine ndimati achepetseni, anthu amawathira mpaka Jin osaonekanso. Kamera itsitseni ifike m'chiuno mwake, iye akhale chakumbali, musiye mpata kumene akuyang'anako. Posunga pa PlayStation sankhani PNG osati JPEG, popeza WhatsApp idzachifinyanso chithunzicho mukamatumizira anzanu.